Maphukusi a Lemson Chimphamba

Lemson Chimphamba sankadutsa chingwe. Akaona kachingwe pansi, kaya ndi pakati pa msewu ngolo ikubwera, ankawerama n'kukatola, n'kukakulunga pachala, n'kukaponya m'thumba la yunifolomu yake ya khaki. Mapepala okulungira katundu ankawawongola ndi chikhatho n'kuwasunga pansi pa mphasa. Anzake a ku Makokoba, lokesheni ya anthu akuda ku Bulawayo, ankati munthu ameneyu tsiku lina adzamanga tauni yonse m'phukusi n'kuthawa nayo kwawo ku Ntcheu.

Anali mesenjala pa sitolo ina ya nsalu ndi zipewa za azungu. Zaka zisanu ndi ziwiri zoyenda m'misewu yotakata ija zinamuphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo ankachilalikira ngati vesi. "Munthu wakuda woyenda manja lendelende ndi lova," ankatero. "Wapolisi amuimitsa, amufunsa chitupa. Koma wonyamula phukusi ndi wa bwana. Ameneyo samuona n'komwe." Sankanama. Masiku amenewo munthu wakuda sankaponda pakhonde la simenti la kutsogolo kwa masitolo, ankayenda mumsewu pamodzi ndi abulu. Koma wa phukusi ankatha kuima, kusuzumira pagalasi, kuyang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna nambala ya nyumba, popanda womuthamangitsa.

M'chaka cha 1932 mkazi wake Evelina anamutsatira kuchokera kumudzi ndi ana awiri. Simeon, wa zaka zisanu ndi zinayi, sanavute. Tsiku lachiwiri anali atavala kale chipewa cha bambo ake n'kumaguba pabwalo. Vuto linali Dorah. Mwanayu anabadwa patatha miyezi itatu Lemson atachoka kumudzi, ndipo atafika n'kuuzidwa kuti awa ndi ababa ako, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kubisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Miyezi iwiri inatha akadali komweko.

"Amayi, munthu uja wabwera."

"Amayi, munthu uja akufuna madzi."

Munthu uja! M'nyumba yake yomwe! Lemson ankaseka pamaso, koma zinkamuwawa koopsa. Anayesa switi. Dorah analandira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, n'kupita kukauza amayi ake kuti munthu uja wamupatsa switi.

"Mwana sagulidwa, bambo a Simeon," anatero Evelina. "Munachoka ali m'mimba. Mukufuna akudziweni ndi chiyani, fungo?"

Ndiye Lemson anaganiza zowatenga onse kukaona tauni Loweruka masana, akaweruka. Mwana akaona zodabwitsa zimene bambo ake amayendamo tsiku ndi tsiku, mwina mtima ungatembenuke.

"Ndi ndalama ziti?" anafunsa Evelina.

"Kuona salipira, amake Simeon. Chofunika ndi phukusi basi."

Apa m'pamene chuma cha pansi pa mphasa chinagwira ntchito. Anamanga maphukusi anayi ooneka bwino, a ngodya zakuthwa, ngati ochokera kusitolo. M'phukusi la Simeon munali mbatata zophika. La Evelina linali botolo la thobwa. Lake linali la makapu ndi kansalu kokhalira. Dorah anamupatsa lopepuka kuposa onse, bokosi lozungulira la chipewa limene analitola kuseri kwa sitolo, ndipo m'katimo Evelina anaikamo ndiwo yaulemu: mbewa zisanu ndi zitatu zimene anakumba yekha m'minda ya kuseri kwa lokesheni, n'kuzifutsa ndi mchere, n'kuzipana pakansungwi. Anansi awo achindebele ankatseka mphuno akamadutsa pakhomo, n'kumati aNyasa mudzatimalizira ndi amphaka omwe. Evelina ankangoti chosadziwa n'chosadziwa.

Asananyamuke, Lemson anawandandalika pakhomo n'kuwapatsa malamulo a ntchito. Kuyenda mofulumira ngati wachedwa. Osaseka. Nkhope ikhale ya munthu wotumidwa. Ndipo lalikulu pa onse: phukusi sapereka kwa munthu pamsewu, kaya akhale ndani. Limaperekedwa pakhomo.

"Mwamva?"

"Tamva, Ababa," anatero Simeon.

Dorah anayang'ana amayi ake n'kugwedeza mutu.

Ndipotu nzeru ija inagwira! Analowa m'tauni atandondozana, nkhope zili gwa, ndipo apolisi awiri anawadutsa osacheuka. Poyamba anaima pamphambano kuonerera ngolo ya ng'ombe khumi ndi zisanu ndi chimodzi ikutembenuka mumsewu popanda kumasula ngakhale imodzi. Kenako Lemson anawatsogolera kuseri kwa nyumba yophikira buledi n'kuwaimika pansi pa zenera.

"Kokani mpweya," anawalamula. "Kokani kwambiri. Buledi ndi wogula, koma fungo ndi laulere."

Anakoka mpaka Simeon anayamba chizungulire. Kuchoka apo anagogoda pachitseko chakumbuyo cha butchala ina, kumene mnzake Moses, wa ku Dedza, ankagwira ntchito yonyamula nyama. Moses anawasomphorera kachidutswa ka ayezi. Dorah anakalandira pachikhatho n'kukuwa.

"Amayi, mwala ukuotcha!"

"Ndi madzi amenewo, mwanangu," anatero Lemson, atagwada kuti alingane naye. "Madzi ogona. Dikira, adzuka."

Madziwo anadzukadi n'kutsikira m'chigongono. Dorah anatsala pang'ono kumwetulira, koma anadzigwira. Kusiteshoni anaima kuseri kwa mpanda kuonerera injini ikupuma utsi, ndipo Lemson anafotokoza zonse ngati anaipanga ndi iye. Dorah anamvetsera bwinobwino, kenako anakoka chitenje.

"Amayi, munthu uja akuti sitima imadya makala."

Lemson anawatsogolera kuchoka pasiteshoni. Tauni yonse inali itatsala pang'ono kutha, ndipo iye anali akadali munthu uja.

Chotsala chinali chimodzi: galasi lalikulu la sitolo ya zovala, mmene munaima zidole zazitali ngati anthu, zovala madiresi. Anaima mumsewu, m'mphepete mwenimweni mwa khonde. Dorah anaziyang'ana zidolezo, n'kupinda maondo pang'ono kuzipatsa moni, poti analeredwa bwino. Zidole sizinayankhe. Anali akudabwabe ndi mwano umenewu pamene chitseko cha nyumba ya tiyi yoyandikana nayo chinatseguka.

"Lemson! Buya lapa!" anatero mawu a mzimayi, kumuitana kuti abwere.

Anali Dona Winifred, mzungu wogula zipewa kusitolo kwa Lemson, amene kwa masabata atatu ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa chipewa chake cha nthenga chimene chinkachedwa kufika pa sitima. Maso ake sanali pa Lemson. Anali pa bokosi la Dorah. Ndipo pambali pa bokosilo, pakapepala komatidwa, m'zilembo zikuluzikulu za inki, panali dzina lake. Linali bokosi lakale, la chipewa china chimene donayo anabweza chaka chatha, ndipo Lemson, munthu wodziwa kuwerenga, mesenjala wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaiwala kumatula kapepalako. Kusunga zinthu n'kwabwino, anthuni, koma muziyamba mwaziwerenga.

"Chipewa changa chafika!" anatero donayo m'Chilapalapa chake chakukhitchini, n'kuwerama kugwira chingwe cha bokosi.

Lemson anaona ntchito ikuuluka. Donayo akatsegula pompano, yatha. Akapita nalo kunyumba n'kukatsegula pamaso pa alendo, yatha kawiri.

Amene anayankhula ndi Dorah. Anakumbatira bokosilo pachifuwa n'kunena m'Chinyanja chomveka bwino, "Sapereka pamsewu!"

Dona anakoka. Dorah anakoka. Dona anakokanso, ndipo mwanayo anakwera nalo pakhonde, zidendene zikukhukhuluzika pasimenti, osalisiya. Nkhope ya donayo inafiira, ndipo anatukula ambulera yake m'mwamba.

Lemson sanaganize. Anangopezeka ali pakhonde, mapazi onse awiri, pamalo amene sanapondepo chifikire m'tauni muno, ataima pakati pa ambulera ndi mwana wake. Patsidya pa msewu wapolisi wachindebele anaona, n'kuyamba kuwoloka.

Ndiye chingwe chinaduka. Chikanalekeranji, chingwe cha mfundo khumi ndi ziwiri, chotoledwa m'misewu isanu? Chivindikiro chinagubuduka, ndipo mbewa zisanu ndi zitatu zinagwera pasimenti pamapazi a Dona Winifred, zitandandalikana pakansungwi, timiyendo m'mwamba, timano pamtunda.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kusiteshoni. Evelina anagwira pakamwa. Wapolisi anafika n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana mapazi a Lemson, n'kuyang'ananso pansi.

Lemson anaima njo, n'kumenya sawatcha.

"Dona, izi ndi mbava," anatero mosaphethira. "Zinamva kuti chipewa chanu chikubwera, ndiye zinalowa m'bokosi lanu kudikira nthenga zake. Tazigwira zonse. Chipewa chikafika chidzapeza mtendere."

Donayo anatsitsa ambulera pang'ono. "Nanga zaumiranji chonchi? Zikuoneka ngati zowamba."

"Tinaziwamba dala, Dona. Kuti zinzake zione."

Wapolisi uja anatsokomola, n'kutsokomolanso, mpaka misozi inalengeza. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndiwo ya aNyasa imaoneka bwanji. Dona atamufunsa ngati n'zoona, anayang'ana kumwamba n'kuti, "Yebo, misisi. Anthu awa ndi mmene amachitira ndi mbewa. Sazikhululukira."

Dona Winifred anabwerera m'mbuyo atagwira siketi yake. Anati adzauza bwana wa sitolo kuti ali ndi mesenjala wakhama, koma zinthuzo azichotse msanga akazikwirire kutali.

"N'kumene tikupita, Dona," anatero Lemson. "Tikazikwirira mozama."

Donayo atakhota pakona, wapolisi anamuyandikira n'kunong'ona, "Tsika pakhondepo, mNyasa iwe, usanandiike m'mavuto." Lemson anatsika.

Anakakhala pansi pa mtengo kunja kwa tauni, m'mbali mwa njanji. Evelina anapukuta mbava zija fumbi, n'kumasula mbatata, n'kuthira thobwa m'makapu. Ankati akayamba kumwa, n'kukumbukira sawatcha ija, n'kuphulika kuseka mpaka thobwa kutulukira m'mphuno. Simeon ankatsanzira kukuwa kwa dona. Lemson yekha sankaseka kwenikweni. Ntchito inapulumuka, inde, koma tsiku linali litatha ndipo zodabwitsa zake zonse zinali zitatha nalo.

Dorah ankadya pang'onopang'ono, akuyang'ana kamutu ka mbewa kali m'dzanja lake. Zinkaoneka kuti pali nkhani imene ikumuvuta. Kenako anatembenuka, osati kwa amayi ake ayi.

"Ababa, zinzake zinaonadi?"

Lemson anaika mbatata pansi. Anayang'ana Evelina. Evelina anayang'ana kumbali, akukonza duku limene linali lokonzeka kale.

"Wati chiyani, mwanangu? Khutu ili sitima ija yaligonthetsa."

"Ndati, Ababa, mbewa zinzake zinaonadi?"

"Ha, mphepo iyinso. Tabwera mbali ino unenenso."

"Ababa!"

"Mwamva, bambo a Simeon," anatero Evelina. "Musamutopetse mwana. Mudzamva mpaka mudzatopa nazo."

"Zinaona," anatero Lemson, akupukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu. "Zinaona zonse, mwanangu. Mchere uwu amako achulutsa."

Pobwerera ku Makokoba anamukweza Dorah pamapewa, manja onse awiri atagwira timiyendo take. Analibe phukusi lililonse, ndipo sanasamale kuti wapolisi amuona kapena ayi. Atangodutsa pamphambano, pakati pa msewu panagona chingwe chachitali, chatsopano, chopanda mfundo ngakhale imodzi. Lemson anachiona. Anachepetsa liwiro, manja anamuyabwa, koma sanasiye timiyendo tija. Anachidumpha.

"Ababa, chingwe!" anakuwa Simeon, osakhulupirira maso ake.

"Nanga iwe manja ako ali kuti?" anatero Lemson osacheuka. "Tola msanga. Ine ndanyamula mwana."