Tsiku limene "to cross" anandiimitsa pabolodi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mnzanga wa m'kwaya ku Mua. Mlamu wake anali atatsegula sekondale ya pulaiveti pa Golomoti, m'nyumba yomwe kale ankasungiramo thonje, ndipo ankafuna mphunzitsi wa Chingelezi. Ine ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 yokha. Bambo a mwana wanga anali atapita ku Joni osamvekanso, munda utakokoloka ndi madzi. Ahedi, a Kamwendo, anati andiyesa mwezi umodzi. "Mukalephera, ena akudikira."

Phunziro lililonse ndinkalitenga m'buku limodzi la galamala lothothoka masamba, n'kuliloweza ngati katekisimu.

Sabata yomaliza a Kamwendo analowa mu Fomu 3 n'kukhala kumbuyo. Ndinalemba pabolodi kuti "To cross these rivers in January is dangerous", n'kunena kuti mwininkhani ndi mawu onse kuyambira "to" mpaka "January".

Esinta, mtsikana yemwe anabwerera kusukulu atabereka, anakweza dzanja. "Madamu, dzulo munati mwininkhani amakhala dzina. Nanga 'cross' si mneni? Komanso mitsinjeyo ndi yambiri, bwanji 'is' osati 'are'?"

Buku lija silinanene zimenezo. Ndinangobwereza lamulo lomwe ndinaloweza. Ahedi anayang'ana wotchi. Ndinaganiza za mwana wanga, yemwe ndinamusiya kwa aneba ndi mbatata yozizira.

Kulankhula Chichewa m'kalasi kunali koletsedwa, koma ndinalibenso kolowera. Pansi pa chiganizo chija ndinalemba kuti "Kuwoloka mitsinje iyi mu Januwale n'koopsa."

"Esinta, choopsa apa n'chiyani? Mitsinje?"

"Ayi madamu, kuwolokako."

"N'chifukwa chake tati 'n'koopsa', osati 'ndi yoopsa'. Chingelezinso chati 'is'. 'To' akugwira ntchito ya 'ku-' wathuyu. Watenga chochita n'kuchisandutsa chinthu chimodzi chimene tikuchikamba."

Inenso ndinazimvetsa pomwepo, ndikulankhula. Ana anayamba kupanga ziganizo zawozawo, za kupalasa njinga mumchenga, za kugona ndi njala.

Poweruka a Kamwendo anandiitana mu ofesi. "Chichewa chija ndisadzachimvenso, makolo amafuna Chingelezi. Kuyambira Lolemba muziphunzitsanso Fomu 4."

Ndinakalirira kuseri kwa kalasi. Kuyambira tsiku limenelo sindiimirira pabolodi ndi lamulo lomwe sindinayambe ndadzifotokozera ndekha m'Chichewa, panjira, ndisanafike pageti.