Chiwindi cha Che Hamadi

Che Hamadi anali msodzi wa ku Chiuta, munthu wanthabwala amene mowa sanaulawepo chibadwire. Mu 1977 mimba yawo inayamba kutupa, mitsempha n'kumaonekera pamwamba pake ngati mizu. Anzawo padoko akawaseka, iwo ankangoti, "Mwana akabadwa ndidzakuuzani."

Kenaka mutu unayamba kusokonekera. Tsiku lina pamsika wa Nselema anyamata a Yufi anawaimitsa kuti aonetse khadi la chipani. Che Hamadi anapisa m'thumba, natulutsa mlamba wouma, n'kuupereka ndi manja awiri mwaulemu wonse. Akazi awo, Abiti Chande, ndi amene anawapulumutsa potulutsa khadi lenilenilo pampango.

Kumzikiti ena ankanong'ona kuti ayamba kachasu mobisa, ena ankati ndi majini. Abiti Chande sanalabadire. Anawakweza lole mpaka ku Balaka, kwa mlongo wawo amene ankakhala pafupi ndi chipatala.

Adokotala, a Bizwick, anawapapasa mimba, nawauza kuti atambasule manja. Zala zinkagwedezeka zokha.

"Munadwalapo likodzo, bambo?"

"Kwathu amene sanalidwale ndi mlendo."

"Chiwindi chanu chauma," anatero a Bizwick. "Magazi amayenera kudutsamo kuti asefedwe. Tsopano njira yathina, ndiye akulambalala. Madzi akutsalira m'mimba, ndipo zoipa zosasefedwazo zikukafika kumutu."

"Ndiye kuti si misala?" anafunsa Abiti Chande.

"Iyayi, mayi. Koma kuchira kwenikweni palibe. Tingochepetsa."

Anawapatsa mapiritsi okodzetsa, nawaletsa mchere. Anachenjezanso kuti asamadzimbidwe, chifukwa m'mimba mukatseka mutu umabalalika.

Kunyanja sanabwererenso. Anakhazikika pakhonde la alamu awo n'kumaluka mikeka, yomwe apaulendo ankagula pasiteshoni ya sitima. Abiti Chande anadzala mapapaya kuseri kwa nyumba oti aziwafewetsa m'mimba, ndipo m'mawa uliwonse ankawayesa mayeso.

"Lero ndi lachingati?"

"Lachitatu."

"Nanga ine ndine yani?"

"Ndinu mayi uja anandibisira mchere."

Masiku ena yankho linkasochera, ndipo Abiti Chande ankawaperekeza kuchipatala mwakachetechete. Koma masiku abwino ndi amene ankachuluka. Che Hamadi anakhala zaka zina zisanu. Pa ukwati wa mwana wawo Saida, alendo onse anakhala pamikeka yoluka iwo, ndipo eni akewo ankazungulira akufunsa aliyense ngati ikulasa.