Chilolezo cha a Mwakatobe

Kukamacha, nkhungu ya ku Tukuyu isanachoke m'minda ya tiyi, a Anyosisye Mwakatobe ankakhala atasamba kale, atavala jekete lawo lofiirira. Ankatsika kamtunda ndodo ikugogoda m'mphepete mwa ngalande, chikwama chili pachifuwa ngati khanda. Pofika pa ofesi ya mpingo wathu ankandipeza ndikusesa pakhonde.

"Amake Tumpale, tsache lanulo lakalamba. Likulira ngati nkhuku yachitopa."

"Lakalamba limodzi ndi mwini wake, Mzee. Lowani, tiyi ali pamoto."

Mzee, monga tinkawatchulira mwaulemu m'Chiswahili, anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chikuku chitawagwira. Anaphunzira kuwerenga ndi zala, anaphunzitsa ana osaona zaka makumi awiri, ndipo atapuma mpingo unawatenga kuti asonkhanitse nyimbo zathu za Chinyakyusa, zija zimangokhala pakamwa pa amayi achikulire, zilowe m'buku msonkhano waukulu wa mu Ogasiti usanafike. Ine ndimasesa ndi kuphika tiyi pa ofesipo chimwalirireni amuna anga.

M'chikwama muja munali kabokosi ka mpingo, kotalika ngati mkono, kokhala ndi timadontho totumphuka. Kankalumikizana ndi kompyuta popanda waya, ndipo chilichonse cholembedwa pagalasi chinkatumphuka pansi pa zala zawo. Liwu la kompyuta linaliko, koma Chinyakyusa linkangochibwebweta, munthu osamvapo kanthu. Maso awo anali kabokosiko.

Vuto linali ili. Kompyuta inkakaona kabokosiko, nyali yake n'kuyaka, koma Mzee akati ayambe ntchito inkakana kuti alibe chilolezo. Wopereka chilolezo anali a Gwakisa, oyang'anira makompyuta, amene ankasunga okha mawu achinsinsi. Ankafika dzuwa litakwera, n'kulemba kamzere kamodzi, kabokosi n'kudzuka. Koma chilolezocho chinali chakanthawi. Magetsi akathima, kapena kabokosi kakagona chifukwa sikanakhudzidwe kwa mphindi khumi, chinkafufutika. Ndiye kudikiranso.

Choncho ine ndinapatsidwa ntchito imene sindinalembedwere. Mzee akafuna kupita kuseri kapena kukadya nthochi zawo zophika pakhonde, ankandiitana.

"Amake Tumpale, mundilerere mwanayu, asagone."

Ndinkaimika tsache n'kumadina kabatani kakumanja. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zitatu, kuimirira kugwedeza kabokosi. Mzee anafika posiya kumwa madzi m'mawa kuti asamatuluketuluke. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa.

Tsiku lina Mzee anawagwira a Gwakisa pamkono asanatuluke.

"Achimwene, ndawerenga ndekha nkhaniyi. M'kompyutamu muli gulu la anthu ololedwa kugwiritsa ntchito zipangizo zamtunduwu. Lembanimo dzina langa kamodzi kokha, ine ndituluke n'kulowanso, basi. Sindidzakusokonezaninso pa zitumbuwa zanu."

A Gwakisa anaseka, makiyi akulira m'chiuno.

"Madala, uinjiniya mwauyamba liti? Zimenezo n'zachitetezo. Ndikuikeni m'gulu lero, mawa mufufute makalata a Abusa?"

"Ndifufute bwanji? Gululo limatsegula khomo limodzi lokhali."

"Inu ziimbani nyimbo zanu. Makompyuta mutisiyire ife openya."

Ndinali nditanyamula thireyi. Ambuye andikhululukire, tiyi wotenthayo ndinamuganizira njira ina. Mzee anangotembenuka, zala n'kubwerera pa timadontho.

Anayesa njira zawo. Anachotsa kabokosiko pa mndandanda wa kompyuta n'kukalumikizanso, anasintha batire, anasuntha tebulo kuliyandikiza. Zonsezo ankadziwa kuti sizikhudza vutolo, koma munthu ukamanidwa kiyi umagwedezabe chitseko.

Mu Juni a Gwakisa anapita ku Mbeya kukaphunzira masabata awiri. M'mawa wa tsiku lonyamuka anatsegula chilolezo, masana magetsi n'kuthima. Tinawaimbira foni, anati mawu achinsinsi sanenedwa pafoni. Tinapita kwa Abusa Mwaisumo, mlembi wamkulu, anati za makina iwo sadziwa, tidikire mwini wake. Masabata awiri amenewo Mzee ankabwerabe m'mamawa, jekete litasitidwa, n'kukhala pampando manja ali pamaondo. Ankaimba chapansipansi nyimbo zimene anali asanalembe, kuopa kuti zingawathawe. Zina ndinayesa kulemba m'kope, koma dzanja langa la Sitandade 6 silikanatha kuthamanga ndi pakamwa pawo.

Komiti ya mpingo itakhala mu Julaye, bukulo linali lisanafike ndi theka lomwe. Ndinali momwemo ndikugawa makapu. Wina anati Mzee atopa. Wina anati mwina tinalakwa kupatsa munthu wolumala ntchito yofuna changu. A Gwakisa ankangokanda foni. Ine si munthu wolankhula pa amuna, koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Abusa, sikuti Mzee amachedwa. Amatsekeredwa kunja."

Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, shuga watha kuno."

Ndinakatenga shugayo. Chimenechi chimandipweteka kuposa zonse: ndinakatenga.

Komiti inagamula kuti Mzee apume, ndipo anawatsanzika Lamlungu lotsatira. Anawayamikira pagulu kuti ndi munthu wodekha, wodziwa kudikira, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Munthu wosaona. Mpingo unawomba m'manja, Mzee akuisisita wotchiyo kufuna kudziwa kuti n'chiyani. Kabokosi kanalowa m'kabati. Ntchito ya buku anaipereka kwa m'busa wachinyamata, amene anangosonkhanitsa nyimbo zosindikizidwa kale n'kuika chikuto chatsopano.

Patapita masabata atatu, ofesi inagulira Abusa kamakina kosindikizira timapepala, nakonso kopanda waya. Kompyuta inakana chimodzimodzi: palibe chilolezo. Ndinali ndikutakasa tiyi wawo pamene a Gwakisa anawerama n'kulemba kamzere.

"Ndakuikani m'gulu, Abusa. Tulukani mulowenso, simudzavutikanso."

Shuga anali asanasungunuke m'kapu.

Ndimapemphera kuti mkwiyowu undichoke, chifukwa ndikudziwa kuti si wa Mulungu. Ndapita nawo ku mgonero kangapo konse, ndipo ndabwera nawobe.

Mzee ali kwawo ku Masoko tsopano, amakhala ndi mwana wawo wamkazi. Amayi awiri mwa amene anawaimbira nyimbo zija tinawaika m'manda chaka chatha. Nyimbo zawo, makumi anayi ndi imodzi, zili m'kompyuta muja pansi pa dzina la Mzee, ndipo dzinalo a Gwakisa analitseka sabata yomwe Mzee anachoka. Nditapita kukawaona koyamba, anandipatsa kalata yolembedwa pa taipi yawo yakale, mizere ikukwera mtunda. Ndinaipereka ndekha m'manja mwa Abusa. Ino ndi mvula yachiwiri, kalatayo ikadali m'thireyi ya makalata, ndimaipukuta fumbi Lachisanu lililonse. Mawu ake ndi awa:

"Abusa, sindikupempha ntchito. Ndikupempha tsiku limodzi lokha, kabokosi kaja ndi dzina langa zitatsegulidwa, kuti nditulutse nyimbo za amayi aja ndikazipereke kwa ana awo. Mundiuze tsiku, ndidzafika m'mamawa."