Chingwe cha Agogo NyaTembo

Mpaka lero fungo la mafuta a nsatsi likangondipeza, ine ndabwerera kale kumudzi kwathu kuseri kwa Embangweni, m'mawa wa mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba minda, agogo NyaTembo ali pakhonde akupaka mawondo awo pang'onopang'ono, utsi wa zitsononkho ukutuluka m'kakhitchini kawo, ine chimfine chili tolotolo ndikudikira kuti anditume. Ndipo sankandituma, mwamva? Agogo amenewo kutuma munthu kunali ngati kuwazula dzino.

Ndikulemba izi mtima uli m'mwamba, ndinene zoona. M'mawa uno ndatsegula foni, mu gulupu ya banja adada akulu aikamonso chithunzi chija: agogo atakhala pa sofa yofiira, manja pamiyendo, pansi pake alemba kuti timakukumbukirani mama, tinakusamalirani mpaka mapeto. Anthu akuponya timitima. Ine chithunzi chimenecho ndikuchidziwa bwino, ndinalipo tsiku limene anajambula, ndiye lero mundimvere.

Agogo anali amayi awo a adada anga. Adada anamwalira ine ndili wamng'ono, ndiye tinatsala ine, amama ndi mlongo wanga, nyumba yathu moyang'anizana ndi ya agogo. Agogo ankadwala nyamakazi, osati yoti lero yabwera mawa yapita ayi, yokhazikika. Zala zinapindika ngati mizu ya chinangwa, mawondo otupa, kugwada sankatha, kuwerama sankatha, ndipo chovuta kwambiri chinali kudzuka. Akakhala pansi kapena akagona, thupi limakana kubwerera m'mwamba. Mankhwala ankakalandira kuchipatala, ankathandiza ululu, koma mankhwala sasesa pabwalo.

Ndiye anaikonza nyumba yawo kuti izigwirizana ndi thupi lawo. Mafuwa anawakweza pamwamba pa njerwa, kuti aziphika atakhala pampando wautali. Nkhuni zolemera anazisiya, ankasonkhezera zitsononkho zimene ena ankataya akatha kutonola chimanga. Nyemba ankaziviika m'madzi kuti mawa zipse ndi moto wochepa. Madzi sankatunga mu ndowa, ankatungira m'tizigubu ta mafuta ophikira, kamodzikamodzi, poti mjigo unali pafupi. Tsache analimangirira kunsungwi kuti azisesa ali chiimire, ndipo ankasesa theka la bwalo lero, theka linalo mawa. Zidutswa za sopo ankaziunjika mu sokosi yakale n'kumachapira momwemo. Pakhoma panali misomali yokhayokha, chilichonse chikulendewera pofika dzanja: chikho, mpeni, kathumba ka mchere, zitini, mabotolo odula pakati. Ukalowa koyamba unkaona ngati nyumba ya munthu wotola zinyalala. Koma ukakhala tsiku limodzi unkaona kuti palibe chimene chili pamalo pake mwangozi.

Ndipo panali chingwe. Anachiluka okha zala zisanafike poipa, ndi neti yakale yong'ambika, n'kuchimanga mfundo zikuluzikulu zogwirapo. Chinkalendewera kuchokera pamtanda wa denga mpaka pambali pa bedi lawo. M'mawa ankagwira mfundo yapansi, kenako yapamwamba, kenako ina, akudzikoka, akutukwana mawondo awo m'Chitumbuka mayina oti sindingalembe pano, mpaka aimirira. Kenako n'kupita okha kuseri. Ndinawafunsapo kuti neti yothaitha ngati imeneyo osangoitaya bwanji. Anati, "Chinthu sichifa kamodzi, Temwa. Inali neti, pano ndi mwendo wanga."

Musaganize kuti anali agogo okoma pakamwa. Ayi ndithu. Amama akabwera kuti awaphikire, ankawabweza pakhomo. "NyaShaba, pita ukalime. Ukandigwirira lero, mawa manjawa aiwala njira." Amama akaumirira ankawonjezera kuti, "Ndikafa udzasesa mpaka utope, usadandaule."

Vuto linayambira pomwepo. Kwathu mkazi wa mwana wako, amene timati mkamwana, ndiye amayenera kukutungira, kukuphikira, kukusesera. Apongozi akaoneka pamjigo ndi kachigubu, manyazi sagwa pa iwo, amagwa pa mkamwana. Ndiye azimayi anayamba. NyaShaba ndi waulesi. NyaShaba akuzunza nkhalamba poti mwamuna anafa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakafunsa mwini wake. Nkhani inayenda pafoni mpaka inakafika ku Joni, kwa adada akulu, akulu awo a adada anga.

Disembala anatulukira, pikapu itasenza sofa yofiira pamwamba, ana tikuthamangira kumbuyo. Agogo anasangalala, mwana ndi mwana. Koma adada akulu atalowa m'nyumba anatuluka nkhope itasintha. Anaitana amama. Amama anagwada patali, mutu pansi, monga mmene amachitira kwa alamu aakulu.

"Mulamu, ichi n'chiyani? Mama akukhala m'dzala inu mulipo?"

Adada akulu anapitiriza.

"Ndi chingwe chija? Chingwe cholendewera kuchipinda kwa munthu wodwala? Mukufuna tsiku lina tidzapeze chiyani mmenemo? Anthu adzati banja lathu linatani?"

Amama anayesa. "Adada, chingwecho amadzukira..."

"Amadzukira chingwe inu manja muli nawo?"

Basi nkhani inathera pomwepo. Mawa lake adada akulu anawatenga agogo pa pikapu kuti akawagulire zitenje ku Boma, n'kusiya anyamata awiri ndi malamulo. Ndinaona ndi maso angawa. Njerwa za mafuwa anazigwetsa kuti khitchini izioneka ngati ya anthu. Misomali anazula. Tizigubu, zitini, sokosi ya sopo, tsache la nsungwi, zonse pamulu, parafini, machesi. Chingwe anachidula ndi chikwanje n'kuchiponya pamwamba, ndipo neti ikamapsa imanunkha moipa, utsi wakuda bii, ikudontha ngati phula. Amama anaima pakhomo pathu chitenje chili kukamwa. M'malo mwa zopsazo munalowa ndowa zazikulu zatsopano zoti agogo sakanatha ngakhale kuzisuntha, miphika yolemera yonyezimira, ndi sofa.

Agogo atabwerako anaima pakhomo nthawi yaitali. Anthu anali atadzaza kudzaona katundu wa ku Joni, azimayi a pamjigo aja ali patsogolo, akuti yewo chomene adada, mwana ndi ameneyu. Adada akulu anawagwira mkono n'kuwakhazika pa sofa. Inali yofewa, yotsika, agogo anamira mmenemo mawondo n'kukwera m'mwamba. Ndiye chithunzi chija chinajambulidwa pamenepo.

Chimene chithunzi sichionetsa n'chakuti anakhala pamenepo masana onse. Ankafuna kupita kuseri. Kudzuka sakanatha, pogwira panalibe, ndipo mayi wachikulire sanganene zimenezo pamaso pa mwana wake wamwamuna ndi alendo odzaza nyumba. Anadikira kuti anthu achoke, anthu osachoka, akumwa zoziziritsa kukhosi. Pomwe amama ankazindikira, nthawi inali itatha. Anangolowa mwakachetechete, n'kuwafunditsa chitenje kuyambira m'chiuno, n'kuuza alendo kuti agogo atopa. Munthu amene sanapemphepo aliyense ngakhale kumutungira chikho cha madzi. Ndiye mukaika timitima pa chithunzi chimenecho, ine magazi amawira.

Masabata otsatira anali oipa. Inali nthawi yopalira, amama ankayenera kuwadzutsa kaye, kuwaperekeza, kuwaphikira, kenako kuthamangira kumunda dzuwa litakwera. Akachedwa kumunda, agogo ankangokhala pomwe awasiya. Thupi linauma. Manja amene ankagwira tsache anayamba kulephera ngakhale chikho. Pakamwa paja panatseka, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri, agogo osatukwana mawondo.

Adada akulu ataona zimenezo anati, "Mwaona? Ndimanena ine. Mama sangathenso kukhala okha. Tikakolola ndibwera kudzawatenga, azikakhala kunyumba kwanga ku Boma, kuli simenti, kuli mtsikana wantchito." Ndiye taganizani, munthu wamuthyola mwendo wekha, kenako ukuti taonani akutsimphina.

Agogo anangoti, "Yayi."

"Mama, n'zokuthandizani."

"Nakana. Awuso ali apa, mung'ono wako ali apa." Ankanena manda a asekuru, amuna awo, ndi a adada anga, kuseri kwa khola.

Adada akulu anaseka, n'kunena kuti tidzaona, n'kubwerera ku Joni.

Pikapu isanazimiririke n'komwe, agogo anaitana amama. "NyaShaba, ndapota, ndipezere neti." Kanali koyamba kumva agogo akupempha. Neti yakale panalibe, zonse zinapsa. Amama analowa m'nyumba n'kumasula yawo yomwe ankagonamo, dzinja limenelo udzudzu uli ng'waa, n'kumadzapanikizana nafe mu yathu. Kuluka agogo sakanathanso, ndiye tinamangirira nsonga kumtengo wa mango, amama akuluka, ine ndikukoka, agogo ali pampando akulamula. "Limbitsa. Ukuluka tsitsi la mkwatibwi kapena? Masula, yambiranso." Pakamwa panatseguka tsiku limenelo. Amama akuseka, misozi ikutsika.

Kukamanga pamtanda anakwera amama okha, pa mtondo wogadabuza, kuchipinda kwa apongozi kumene mkamwana salowa wamba. Anati akayitana mwamuna aliyense nkhani ifika ku Joni dzuwa lisanalowe.

Sizinabwerere msanga. Masiku oyamba ankagwira mfundo n'kutsetsereka, amama ataima kumbuyo manja ali okonzeka, agogo akuti usandigwire, usandigwire. Tinatola njerwa n'kumanganso mafuwa, misomali tinaifukula paphulusa n'kuiwongola ndi mwala, tizigubu ndinkapempha kumagolosale. Ndiye m'mawa wina mvula itangokata ndinamva phokoso panja, shwe, shwe, lodukizadukiza. Ndinasuzumira. Agogo ali chiimire ndi tsache latsopano la nsungwi, akusesa kachigawo kakang'ono ngati mphasa, akutukwana mawondo mayina onse aja. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati matukwano amenewo.

Titakolola adada akulu anabweradi, galimoto itayalidwa matiresi kumbuyo. Anapeza sofa ili pakhonde, thadzi likufungatira mazira pakona pake. Agogo anati nkhuku ndiyo imatha kudzukapo. Adada akulu sanaseke. Analowa kuchipinda, anaona chingwe, anatuluka akupuma mofulumira n'kutenga mpeni pa msomali. Amama anagwada. Agogo sanasunthe pampando wawo wautali.

"Dula," anatero. "Dula, mwana wane. Koma ukadula, ku Joni usabwerere. Tambala akalira uzibwera iweyo, osati NyaShaba, osati wantchito wako, iweyo. Uzindidzutsa ndi manja ako, uzindiperekeza kuchimbudzi, uzindidikira pakhomo, ukatero uzindibweza. Tsiku lililonse mpaka ndife."

Kunja kunali anthu, azimayi omwe aja, ndipo onse anayang'ana pansi, chifukwa mwana wamwamuna kuperekeza mayi ake kumeneko n'zosatchulika n'komwe. Adada akulu anaima ndi mpeni uja ngati aiwala ntchito yake. Kenako anaubwezera pa msomali womwewo. Madzulo galimoto inabwerera ku Boma ndi matiresi ake opanda munthu.

Agogo anakhala m'nyumba mwawo zaka zingapo ndithu, akudzuka okha, akuphika okha, akubweza amama pakhomo. Anamwalira ine nditayamba kale kukonza mafoni kuno ku Boma, ndipo anagona pomwe ankafuna, kuseri kwa khola. Pamaliro adada akulu anayankhula za sofa. Za amama, amene anagona dzinja lonse mopanikizana ndi ana kuti apongozi aimirire, palibe anatchula. Azimayi a pamjigo mpaka lero sanapepese.

Chingwe chija ndinachimasula ine, maliro atatha. Chili m'chipinda changa cha lendi, ndimayanikapo zovala, mfundo zake zakuda ndi mafuta a nsatsi, ndipo kukatentha fungo limatuluka. Kasitomala akabwera ndi foni yomangidwa ndi mphira, sindithamangira kuchotsa, ndimayamba ndafunsa kuti mphirawu ukugwira chiyani.

Ndiye lero, pansi pa sofa ija, ndaika chithunzi cha chingwe. Sindinalembe zambiri, ndangoti ichi ndicho chinkawadzutsa agogo, analuka ndi amama. Gulupu yonse zii, onse awerenga, ndikuona. Adada akulu anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiya. Patapita nthawi kwalowa voisi ya amama, poti iwo kulemba pafoni sadziwa, ndipo aitumiza mu gulupu momwemo, kaya mwadala kaya molakwitsa. Kumbuyo kukumveka nkhuku. Akuti, "Temwa, usamayanikepo majinzi onyowa, amalemera. Chingwe chimenecho ndidzachifuna ine."