Kanyama ka Aneba mu Firiji Yathu

Boma litasamutsa maofesi kuchoka ku Zomba, ife tinapatsidwa nyumba ku Area 47, malo afumbi lokhalokha, mitengo isanakule. Mumzere wathu firiji inali kwathu kokha, ndiye anthu ankabwera kudzasungitsa ndiwo. Ukakana, mawa lake wamveka kuti ndiwe wonyada.

Amene ankabwera kwambiri anali mayi wina wa kuseri kwathu, wogulitsa nsalu ku Old Town, wansangala zake. Ankaika kanyama kake, n'kusiyanso mawu.

"Aneba, dzulo bambo ndawaona ku City Centre ndi kataipisiti kaja. Mwina ndi zantchito, kaya, ine sindikudziwa."

Basi, n'kunyamuka. Ine ndinkatsala mtima uli m'mwamba. Amuna anga anali woyendera masukulu pa maphunziro a sayansi, munthu wosowa kale pakhomo. Ndinayamba kununkhiza malaya awo ndisanachape. Tinafika poyankhulana ngati anthu okumana m'basi, ndipo sutikesi yanga ndinali nditaitsitsa kale pamwamba pa wadirobu.

Loweruka lina firiji inasiya kuzizira. Wokonza atanena kuti mpweya wake wathawa, bambo anadandaula ngati pagwa maliro. Ndinapsa mtima. Banja likugwa, iwo akulira mpweya!

"Mayi, mpweya umenewu suwola," anatero. "Umakwera pang'onopang'ono mpaka kumwamba kwenikweni, kumene kuli ozoni amene amatitchinga ku ukali wa dzuwa. Kumeneko dzuwa limauswa, n'kutulukamo klorini. Ozoni ndi tizidutswa titatu ta okosijeni togwirana. Klorini akatsomphola kamodzi, ozoni uja watha. Kenako kadutswa kena kongoyenda kokha kamadzamulanda kamene watenga kaja, iye n'kutsala wathunthu monga anabwerera, n'kupita pa ozoni wina. Mmodzi yemweyo amapasula zikwizikwi, iye osatha."

"Nanga iyeyo amapindulapo chiyani?"

"Palibe. Amangofulumizitsa zinthu. Ndipo olo atasiya lero kupanga mpweyawu, umene unakwera kale ukhala ukuwononga zaka zambiri."

Ndinawayang'anitsitsa. Kodi akunenadi zakumwamba, kapena akumudziwa amene amanditsira mawu? Kapena akufuna ndizikayikira wina kuti iwo apulumuke? Nkhope yawo inali ya mphunzitsi basi, sindinawerengepo kanthu.

Komabe mawuwo anandikhala. Mayi uja asanazolowere kwathu ankakasita zovala kwa banja la ku Rumphi la pakona, ndipo mkazi wa pamenepo anali atabwerera kwawo ndi ana. Koma mayi wa nsaluyo banja lake linali bwinobwino, Lamulungu lililonse ali kutsogolo m'kwaya.

Firiji itakonzedwa sindinamuuze. Atabwera ndi kanyama kake ndinaima pakhomo.

"Pepani aneba, inaferatu."

Apo n'kuti ikulira m'khitchini, tonse tikuimva. Anangomwetulira, n'kutembenuka. Pasanapite nthawi ndinamuona akulowa nyumba ina kumene anali atangogula firiji yawo, kambale kake kali m'manja.

Sutikesi ndinaibwezera pamwamba paja. Bambo ndinakhala nawo mpaka tsiku limene tinakawaika kumudzi, ndipo sindinawapezepo ndi kanthu ngakhale kamodzi. Ndinkawakonda, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Malaya awo omaliza, amene tinachokera nawo kuchipatala, ndisanawaviike m'madzi ndinapezeka ndikuwanunkhiza.