Botolo Lolembedwa Kuti "Amayi"

Ndinayamba kudandaula Lolemba la sabata imene tinkakolola thonje chaka chatha, ndipo kope la kalata yodandaula imene ndinalemba lili m'sutikesi, pamodzi ndi mabuku anga onse akuchipatala. Tsikulo kuno ku Chikweo kunafika kaphukusi kochokera kwa mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Balaka. Munali botolo la makapisozi a tizilombo tabwino tothandiza m'mimba. Pachivundikiro analembapo kuti "Amayi".

Wovutika ndi kutupidwa m'nyumba muno ndine. Ndikadya nandolo, mimba imalira mpaka anzanga m'tchalitchi kucheuka. Komabe ndine ndinawawerengera mayi akewo kapepala ka malangizo, poti n'ka Chingerezi, iwo n'kumameza kapisozi m'mawa uliwonse ine ndikuyang'ana. Botololo amalimanga pansonga ya chitenje.

Kalata ija ndinatumiza kwa mwanayo koma sanayankhe, choncho atayimba foni ndinamufunsa. Iye anati, "Ababa, ndikakupatsani moni mumangoti muli bwino. Amayi amandiuza zonse."

Kodi bambo n'kumafotokozera mwana wake wamkazi zakuchimbudzi? Ife sitinaleredwe choncho. Anayenera kuona yekha mmene ndimakankhira mbale ya ndiwo akabwera kudzacheza. Mayi akewo anangoseka, amvekere, "Pitirizani kukhala bwino, abambo, odwalafe tizimwa."

Mabotolo afika atatu tsopano, ndipo langa palibe. Ndikupempha mwaulemu kuti mwana wangayo ayankhe nkhaniyi polemba, asayine m'munsi, anene ngati mimba ya bambo ake amaiganizirako.