Mbereko ya Mkazi Wanga

"Ima pomwepo!"

Ndinaima. Nyali inabwera ikugwedezeka pakati pa mizere ya tiyi, kumbuyo kwake kuli mlonda wa esiteti ndi chibonga. Anandiwalitsa kumaso, kenako pachifuwa pamene panali mfundo ya nsalu.

"Ndinu, achimwene? Mwanyamula chiyani kumsanako?"

"Mwana."

"Wa ndani?"

"Wanga. Tsitsani mawu, wangogona kumene."

Anandizungulira ndi nyali yake, nasuzumira.

"Sabata yonse amayi akumalaini akukana kupita kumadzi m'mamawa. Akuti m'munda muno mukuyenda chinthu chalinunda, chikuthyola tiyi usiku. Ine mpaka ndakatemera mankhwala. Kani ndi bambo wobereka mwana!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwana anadzuka.

Anali wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Mayi ake anali atawagoneka kuchipatala cha mishoni ku Makwasa ndi chifuwa chachikulu, ndipo anamwino anakana kuti mwana akhale nawo. Ndinabwerera naye ndekha ku kanyumba kathu ka m'malaini a antchito. Wachibale ndinalibe. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi ine ndili wamng'ono, onse anafera pa esiteti, ndipo kumene anachokerako sindikudziwa njira yake. Wanga padziko anali mwanayo.

Masana mkazi wa mnzanga wodula nkhuni za kufakitale ankamuyamwitsa limodzi ndi wake. Dzuwa likalowa ankandibwezera, natseka chitseko. Sindinawaimbe mlandu.

Usiku mwana ankadzuka kanayi, kasanu. Ndinkafunditsa phala lamadzimadzi m'kachitini, kumumwetsa ndi supuni. Ankamwa pang'ono, n'kufufuza pachifuwa panga, osapeza kanthu, n'kuyamba. Nyimbo zotonthozera ana sindinkazidziwa. Ndinayesa za kutchalitchi, anakana. Makoma a m'malaini ndi opyapyala. Wina ankamenya khoma, wina ankatukwana, koma wogogoda kuti afunse panalibe.

Tsiku lina ndinatenga mbereko ya mayi ake, yomwe inali ikadali pamsomali. Ndinavutika nayo, mwana akutsetsereka, mpaka ndinamanga mfundo ngati ya mtolo wa nkhuni. Ndinatuluka kuti anthu agone. Kuyenda pamsewu sikunathandize. Ndinalowa m'munda wa tiyi pothawa agalu. Wothyola tiyi akalowa mumzere manja amagwira okha ntchito. Phazi limodzi, kuima, kuweramira patsogolo pang'ono, manja onse awiri thyo thyo thyo, phazi lina. Ndisanathe mzere kumsana kunali zii.

Ndipo ndinakumbukira. Nthawi ya dzinja, tsamba litachuluka, mkazi wanga ankathyola nawo. Dengu ankaliika pamwamba pa tiyi chifukwa kumsana kunali mwana. Mwanayo anaphunzira tulo mumzere.

Kuyambira pamenepo akadzuka tinkapita kumunda. Kuyenda chabe ankakana, kumugwedeza nditakhala ankakana. Ankafuna phazi, kuima, kuwerama, ndi kaphokoso ka masamba. Ndinkathyola n'kutaya pansi. Mame ankanyowetsa kabudula, chiperoni chikabwera ndinkamufunditsa thumba. Kutali fakitale inkalira. Palibe amene ndinkalankhula naye. Mpweya wa mwanayo unkanditenthetsa pakhosi, basi.

Ndinapempha mlonda uja kuti asauze munthu. Analumbira. M'mawa mwake pa sikelo yoyezera tiyi nkhani inali itafika kale.

"Patukani, amayi adutse!" anatero wina pamzere.

"Kodi mkaka wayamba kutuluka, achimwene?"

Kapitawo anakhuthula dengu langa, natola timitengo ndi masamba okhwima.

"Masamba awiri ndi kansonga, bambo. Usiku mumathyola zabwino n'kutaya, masana mukundibweretsera nkhuni. Maso anuwo aoneni."

Anali kunena zoona. Ndinali nditagona chiimire kawiri tsiku limenelo.

Nkhani yoseketsa imayenda msanga. Lamulungu lotsatira ndinapeza alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, atakhala pakhonde. Anachokera ku Nsabwe wapansi. Ndiwo anali eni mbumba, ndipo kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi.

"Alamu, tamva," anatero. "Mwatichititsa manyazi. Anthu akuti kumudzi kwathu kulibe akazi."

"Mwana ali bwino."

"Tambala amafungatira anapiye? Mwana wa mlongo wanga azigona m'mame ngati gwape? Akadwala chibayo mudzatiuza chiyani?"

"Mayi ake atuluka."

"Akatuluka adzamupeza kwawo."

Tonse tinkadziwa kuti odwala chifuwa chimenecho ambiri sankatuluka. Ndinkadziwanso kuti mwana akalowa m'mudzi wa amalume ake, bambo amasanduka mlendo wobwera ndi sopo. Ndinayang'ana uku ndi uku m'malaini. Anthu anali pamakomo awo, akumvetsera. Wondiyankhulira panalibe.

"Ndimunyamula ndekha," ndinatero.

Tinanyamuka m'mawa. Alamu anafuna kuti ndimunyamule m'manja, poti tikudutsa m'midzi. Ndinamubereka. Iwo anayenda patsogolo patali, ngati sitili limodzi. Tiyi atatha tinayamba kutsika mapiri, m'minda ya nthochi ndi chinangwa. Panjira ndinayesa kuwafotokozera.

"Akadzuka usiku, musamukhazike pansi. Wina amubereke, aziyenda ngati akuthyola. Phazi, kuima, kuwerama."

"Amayi alera ana asanu ndi atatu, alamu. Muwaphunzitse ndinu?"

Tinafika dzuwa litapendeka. Apongozi anga aakazi atandiona anafunda nsalu kumutu, nalowa kuseri kwa nkhokwe. Ndi mwambo wake. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, salankhulana nawo maso ndi maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zitatu za ukwati sindinawauzepo mawu opitirira moni, nawonso wodzera mwa munthu wina.

Ndinamasula mfundo. Alamu anamulandira, napita naye kuseri kuja. Ndinawapatsanso mbereko, kachitini ndi supuni. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nandibweretsera madzi.

Mwana anayamba kulira ndisanamwe. Ndinkaona mapazi a apongozi pansi pa nkhokwe. Anali atakhala, miyendo atatambasula, akumugwedeza pamwendo ndi kumuimbira. Nyimbo yabwino. Kulira kunakula, kunafika paja amakoka mpweya n'kukhala kanthawi osamveka. Ndinkapadziwa pamenepo. Pankafunika kuimirira basi, phazi limodzi, kuwerama. Kuchokera pamphasa kufika pankhokwe panali mapazi khumi.

Ndinayang'ana alamu. Anali kusenda nzimbe.

"Azolowera," anatero. "Mugona konkuno, alamu? Kwada."

Ndinaika chikho pansi, madzi ali momwemo. Ndinaimirira, n'kutenga njira yokwera kumapiri. Kumsana kunkazizira pamene thukuta linali kuuma. Ndinamumvabe mpaka pamtsinje.